Khutbah ya Jumu'ah: Kodi Wongodutsa Ali ndi Mlandu?

KHUTBAH YOYAMBA

Chitamando chonse ndi cha Allah, amene anatiyalira nthaka kuti tikhalepo, natsitsa mvula kuti mbewu zimere, ndipo anaika malire pakati pa zololedwa ndi zoletsedwa. Tikuikira umboni kuti palibe wina woyenera kupembedzedwa koma Iye yekha, ndipo tikuikira umboni kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, pa akubanja kwake, pa maswahaba ake ndi pa onse owatsatira mwaubwino mpaka tsiku la chiweruzo.

Inu akapolo a Allah, tikudzilangiza tokha choyamba, kenako tikukulangizani inu, kuti timuope Allah poyera ndi mseri, mumzikiti ndi kumunda, pamkeka wa swala ndi pachiwongolero cha galimoto.

Abale ndi alongo olemekezeka m'Chisilamu, ambiri mwa ife tafika pamzikiti uno wapansi kapena panjinga, ndipo panjira maso athu aona zimene akhala akuona chaka ndi chaka. Pamene msewu waonongeka, pambali pake pabadwa msewu wina wopanda amene anaulamula, wodutsa m'mizere ya chimanga. M'nkhalango muli njira za mathirakitala ndi malole okatenga zipika, zolowa mmene simunapitepo ngakhale ngolo. Kudambo, kumene amayi amalima madimba ndi anyamata amamwetsa ziweto, kuli ngalande ziwiri zakuya zimene matayala anasiya m'dzinja. M'midzi mwathu namo, kuyambira kuno ku Chidzolomondo mpaka kumapiri a Tsangano, njinga zamoto zatsegula njira zachidule pakati pa minda, m'mphepete mwa zitsime, penanso pafupi ndi manda. Mukamufunsa woyendetsa, yankho lake limakhala limodzi: "Ine ndangodutsa chabe, sindinatenge kanthu ka munthu." Funso la khutbah yathu lachokera pa yankho limenelo. Kodi munthu amene sanabe, sanamenye, koma wangodutsa, angakhale ndi mlandu pamaso pa Allah?

Tisanapitirire, tinene chilungamo: galimoto si mdani wathu. M'Sura An-Nahl, Allah akutikumbutsa za nyama zimene zimatisenzera akatundu kukafika nawo kumadera amene sitikanafikako popanda kuzunzika, ndipo akutiuza kuti Iye amalenga zinanso zimene anthu sakuzidziwa. Lole ndi njinga yamoto zili m'gulu la mitendere imeneyo. Lole ndi imene imatibweretsera feteleza, n'kutitengera fodya, chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere kupita nazo kumisika. Njinga yamoto yapulumutsa amayi oyembekezera ambiri amene akanachirira panjira asanafike kuchipatala. Anyamata athu ambiri akudyetsa mabanja ndi njinga zimenezi, ndipo imeneyo ndi rizki ya halali. N'chifukwa chake ena amati tisadandaule, poti walira mvula walira matope. Mwambiwo ndi woona, koma uli ndi malire ake. Matope a mvula amauma dzuwa likawala, pamene bala limene tayala limasiya m'munda limakhala zaka. Ndipo amene amalisenza kawirikawiri si amene anapindula ndi ulendowo.

Tiyeni timvetse chimene chimachitika pansi pa tayala, pakuti munthu saopa tchimo limene sakuliona. Nthaka yabwino ili ndi timipata mmene mumalowa madzi ndi mpweya, mmene mumayenda mizu, mmene nyongolotsi ndi zamoyo zina zing'onozing'ono zimagwira ntchito imene Mlengi anazipatsa. Lole yodzaza zipika, yolemera matani 20 kapena 30, ikaponda nthaka yonyowa imatseka timipata timeneti, nthaka n'kulimba gwa ngati pabwalo. Mvula ikagwa, madzi salowanso pansi. Amafuna koyenda, ndipo amapeza ngalande ziwiri zokumbidwa kale ndi matayala. Dziko lathu ndi la mapiri ndi zitunda, choncho madziwo amathamanga atanyamula dothi lapamwamba, lomwe ndilo lachonde. Chaka choyamba ngalande imalekeza mu akakolo, chaka chachiwiri m'mawondo, ndipo pakapita zaka zochepa pamakhala chigwembe choti ng'ombe ikagweramo siituluka yokha. Mizere imene mlimi anaunga mopingasa chitunda kuti igwire madzi, ikadulidwa pamalo amodzi, madzi a munda wonse amasonkhana pamenepo. Dambo likang'ambidwa, ngalandeyo imakhetsa madzi amene akanasungika mpaka m'chilimwe, ndipo zitsime za m'madimba zimaphwa msanga. Dothi limene linatenga zaka mazanamazana kuti lipangike limapita kumtsinje m'dzinja limodzi.

Vuto limeneli si lathu lokha. M'maiko a zipululu, kumene zomera zimakula mochedwa, chipsera cha tayala chimakhalitsa kuposa moyo wa amene anachisiya. M'chipululu cha Mojave ku America, asilikali a George Patton anayamba kuphunzirirako nkhondo ndi akasinja mu 1942, ndipo njira za akasinjawo zikuonekabe mpaka lero. Ku Peru, mu Januwale 2018, woyendetsa lole wina anapatuka mumsewu waukulu n'kulowa m'chipululu cha Nazca, kumene kuli zithunzi zikuluzikulu zimene anthu akale anajambula panthaka zaka zoposa 1,500 zapitazo. M'mphindi zochepa anaononga mbali ya zimene zinakhalapo nthawi yonseyo. Nayenso akanatha kunena kuti anangodutsa. Kwathu kuno si kuchipululu, alhamdulillah. Koma kuchipululu bala la nthaka limachedwa kupola chifukwa mvula kulibe, pomwe pazitunda zathu limakula chifukwa mvula ilipo.

Tsono timve zimene Buku la Allah likuphunzitsa. M'Sura Al-Baqarah, ndime 204 ndi 205, akufotokozedwa munthu wa pakamwa pokoma, amene mawu ake amasangalatsa womvera, ndipo amatchula ngakhale dzina la Allah ngati mboni ya zimene zili mumtima mwake. Koma akachoka pamaso panu, ntchito yake imakhala yoononga padziko, kupha mbewu ndi ziweto. Ndimeyo ikumaliza potiuza kuti Allah sakonda chionongeko. Taonani, abale, kuti Allah sanatchulepo kuba ndalama. Watchula mbewu ndi ziweto, zomwe ndi moyo wa mlimi. M'Sura Al-A'raf tikuletsedwa kuononga dziko pambuyo poti lakonzedwa bwino, ndipo m'Sura Ar-Rum tikuuzidwa kuti chionongeko chimene chaonekera pamtunda ndi panyanja chachokera m'manja mwa anthu. Choncho yankho loyamba la funso lathu ndi lakuti inde: Shariya imaweruza chimene ulendo wasiya m'mbuyo, ngakhale woyendayo sananyamule kanthu. Mtumiki (SAW) anaika lamulo lalikulu, limene analandira Ibn Majah ndi ena, loletsa kuvulaza ndi kubwezera chivulazo.

Koma mtima wa munthu uli ndi zifukwa zake zodzikhululukira, ndipo pa nkhani iyi zilipo zitatu zimene timazimva kawirikawiri. Tiziyese chimodzichimodzi.

Chifukwa choyamba chimati: "Apa ndi patchire, palibe mwini wake." Msilamu sangayankhule motero ataganiza bwino. Mwini wake weniweni wa nthaka ndi Allah, ndipo ife anatiika kukhala makhalifa, osunga zimene si zathu. Komanso tchire limene mlendo amaliona lopanda mwini, mwana wa m'mudzi amadziwa kuti ndimo mumachokera nkhuni, udzu wofolera, bowa, uchi, mankhwala ndi msipu. Kusakhala kwa munthu mmodzi sikutanthauza kusakhala kwa aliyense; malo otere ndi a tonse, pamodzi ndi ana amene sanabadwe. Lamulo la dziko lino la zamalo, la chaka cha 1997, likunena kuti nthaka ndi ya boma ndipo siigulitsidwa, komanso likuzindikira ufulu wa anthu a m'midzi pa malo amene akukhalapo mwa chikhalidwe chawo, ngakhale alibe chikalata. Chisilamu chinadziwa kale kuteteza malo a onse. Mtumiki (SAW) anapatula dera la An-Naqi', pafupi ndi Madinah, kukhala malo otetezedwa otchedwa hima. Umar bin Al-Khattab (RA) ataika mtumiki wake Hunayy kuyang'anira malo otere, anamulangiza kuti azilola kulowa mwini ngamira zochepa ndi mwini nkhosa zochepa, koma aziletsa ziweto za anthu olemera monga Ibn Awf ndi Ibn Affan. Chifukwa chake chinali chakuti wolemera ziweto zake zikafa ali ndi minda yothawirako, pomwe wosauka adzabwera ndi ana ake kudzalira pakhomo pa mtsogoleri. Lero ife tatembenuza dongosolo la Umar: mwini makina akulowa paliponse, ndipo mwini khasu ndi amene akupatuka.

Chifukwa chachiwiri chimati: "Ndadutsa kamodzi kokha, ndipo ndaponda pang'ono chabe." Tiyeni tiwerengere limodzi. Njira ya lole ya mamita 3 m'lifupi, ikadutsa mamita 100 m'munda, yadya masikweya mita 300. Pamalo otero pamaima mapesi a chimanga oposa 1,000. Kwa mwini lole ameneyo ndi mtunda wa mphindi imodzi. Kwa mayi wamasiye amene anagula feteleza pangongole, imeneyo ndi nsima ya ana ake. Swahaba Sa'id bin Zayd (RA) anasimba kuchokera kwa Mtumiki (SAW) kuti wolanda mopondereza nthaka yotalika ngati chikhatho chimodzi adzavekedwa nthakayo m'khosi tsiku la Qiyamah, kufikira pansi pa nthaka zisanu ndi ziwiri. Ngati chikhatho chili ndi mlandu wotero, nanga msewu wathunthu? Ndipo palibe njira imene imadutsidwa kamodzi. Woyamba akaponda, wachiwiri amati njira ilipo kale, wachitatu amati pano ndi pamsewu. Pakutha pa chaka mwini munda akadandaula amaoneka ngati iyeyo ndiye wovuta. M'hadith imene analandira Imam Muslim tikuphunzira kuti woyambitsa mchitidwe woipa amasenza tchimo lake pamodzi ndi machimo a onse omutsatira, popanda kupungula kanthu pa machimo awo. Amene anatsegula njira yachidule m'munda mwa mnzake, kaundula wake akulembedwabe ngakhale iye ali m'tulo.

Chifukwa chachitatu chimati: "Ine ndine wotumidwa chabe." Apa nkhani ikufika pa mitengo. Bungwe la Environmental Investigation Agency, mu lipoti lake la 2014, linanena kuti magawo 93 mwa 100 a mitengo imene inadulidwa mu Mozambique mu 2013 anadulidwa mosatsata malamulo, ndipo yambiri inkapita ku China. Kuyambira mu 2017 boma linaletsa kutumiza kunja zipika zosacheka, ndipo m'chaka chomwecho linachita chipikisheni chotchedwa Operação Tronco m'zigawo zingapo, kuphatikizapo chigawo chathu cha Tete, nililanda zipika zambirimbiri. Mu 2018 kudula mtengo wa mkula kunaletsedwa, ndipo mu 2019 maiko a m'pangano la CITES, atamva pempho la dziko la Malawi, anaika mtengowu pamndandanda wa mitengo yoyenera kuyang'aniridwa pamalonda. Malamulo alipo. Koma lole siidziwa yokha pamene pali mlombwa wokhwima. Pali amene amailozera, pali amene amalambula njira, pali amene amalandira kangachepe kuti ayang'ane kumbali, pali amene amagula. Aliyense mwa iwo amati mlandu ndi wa winayo. M'Sura Al-Ma'idah Allah akutilamula kuthandizana pa zabwino ndi kutiletsa kuthandizana pa machimo ndi mtopola. Mtumiki (SAW) anatemberera wopereka chiphuphu ndi wolandira. Wotumidwa ali ndi gawo lake, wotuma ali ndi gawo lalikulu, ndipo amene anapatsidwa udindo wosunga dziko n'kuligulitsa ndi thumba la mchere ali ndi gawo loposa onse, pakuti waphwanya amanah.

Pano tiime, chifukwa pali mawu amene sitiyenera kuwanyoza. Mnyamata angatiuze kuti: "Inu masheikh mukuyankhula mutakhuta. Ine ntchito ndilibe. Amene wabwera ndi lole wandipatsa ndalama imene sindinaigwirepo chaka chonse." Wanjinga naye angati: "Msewu unaduka, wodwala anali kumbuyo kwanga, ndikanatani?" Awa ndi mawu a anthu opanikizika, ndipo chipembedzo chathu chimawamva. Shariya imalola munthu wosimidwa kuchita zimene pa nthawi ina zikanakhala zoletsedwa. Amene wanyamula wodwala wakayakaya adutse m'munda, ngakhale uli wa Imamu, ndipo Allah amufewetsere ulendo. Koma ma ulama anaikapo malamulo awiri. Loyamba ndi lakuti chilolezo cha kusimidwa chimalekeza pamene palekeza kusimidwako: kufulumira kukapeza kasitomala wina si kusimidwa. Lachiwiri ndi lakuti kusimidwa sikufafaniza ufulu wa mnzako. Tchimo limachoka, koma ngongole imatsala. Wadutsa usiku ndi wodwala, mmawa abwerere kwa mwini munda, amufotokozere, aunge mizere imene anagumula. Ndipo kwa mnyamata wosowa ntchito tikuti: ndalama ya chipika imatha m'sabata ziwiri, koma chigwembe chimene lole yasiya chidzadya munda umene unayenera kudzakhala wako. Ife akuluakulu tilinso ndi mlandu ngati zakaati ndi sadaka zathu sizikufika kwa anyamata otere mpaka akugulitsa tsogolo lawo.

Allah watipatsa chitsanzo mwa Mneneri Sulaiman (AS). M'Sura An-Naml tikumva kuti ankayenda ndi gulu lankhondo limene mfumu ina iliyonse sinakhale nalo, ndipo atafika pachigwa cha nyerere, nyerere imodzi inachenjeza zinzake kuti zilowe m'nyumba zawo kuopa kupondedwa ndi gululo mosadziwa. Sulaiman anamva, anamwetulira, napempha Allah kuti amupatse mtima wothokoza. Mwini mphamvu zonsezo anali ndi khutu lomvera chimene chili pansi pa mapazi ake. M'Sura Al-Furqan, chizindikiro choyamba cha akapolo a Mwini chifundo ndi kayendedwe kawo kodzichepetsa padziko. Lero kayendedwe kathu kali pamatayala. Munthu amene ndi wofatsa akakhala pansi, koma akakwera chitsulo amaona anthu ngati tchire, adzifunse kuti kufatsa kwake kunali kwa mtima kapena kwa kusowa mphamvu.

Nanga zikaonongeka, chilungamo chimafuna chiyani? M'Sura Al-Anbiya, ndime 78 ndi 79, muli mlandu wa munda umene unadyedwa usiku ndi nkhosa za anthu ena. Anaweruza anali Dawud (AS) ndi mwana wake Sulaiman (AS). Omasulira Qur'an akufotokoza kuti Dawud anagamula kuti nkhosazo ziperekedwe kwa mwini munda. Sulaiman anapereka maganizo ena: mwini munda atenge nkhosa kwa kanthawi, azipindula ndi mkaka ndi ubweya wake, pamene eni nkhosa akugwira ntchito m'mundamo mpaka ubwerere mmene unalili, kenako aliyense alandire chake. Allah akutiuza kuti anamuzindikiritsa Sulaiman chigamulocho, ngakhale onse awiri anawapatsa nzeru. Taonani kukoma kwake: wolakwiridwa sagona ndi njala, wolakwa sasauka mpaka kalekale, ndipo munda umachira. Ku Madinah nako, ngamira ya Al-Bara' bin Azib (RA) italowa m'munda wa munthu n'kuononga, Mtumiki (SAW) anagamula kuti eni minda azilondera masana, ndipo zimene ziweto zaononga usiku azilipira eni ziweto. Ngati mwini nyama yopanda nzeru amalipira, koposa kotani mwini galimoto imene imapita kokhako kumene dzanja lake laiwongolera? Chindapusa chopita kuofesi chili ndi malo ake, koma sichikwirira chigwembe. Chilungamo cha Sulaiman chimati woononga abwerere ndi khasu.

Tanena mawu athuwa, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBAH YACHIWIRI

Chitamando ndi cha Allah, Woweruza mwachilungamo, amene sapondereza kapolo Wake ngakhale pa kanthu kochepetsetsa. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake Muhammad, pa akubanja kwake ndi pa maswahaba ake onse.

Inu akapolo a Allah, tatembenukira tsopano kwa olakwiridwa. Tikudziwa mkwiyo umene umabwera munthu akapeza chimanga chake chitagona pansi pa matope. Ena amaganiza zokwirira misomali m'njira, ena zotchinga chingwe, ena zotentha galimoto kapena kumenya woyendetsa. Abale, zimenezi ndi haramu. Chingwe sichisankha khosi, ndipo msomali sudziwa kuti njinga imene ikubwerayo yanyamula mwana wodwala. Lamulo lija loletsa kuvulaza likuletsanso kubwezera chivulazo ndi chivulazo. Amene wataya chimanga asaonjezepo kutaya tsiku lake la chiweruzo pokhetsa mwazi. Komanso kukhala chete si njira. Mtumiki (SAW), m'hadith imene analandira Imam Al-Bukhari, anafanizira anthu a mudzi umodzi ndi okwera chombo chimodzi: ngati am'munsi afuna kuboola mbali yawo ndipo am'mwamba awalekerera, onse amamira, koma akawagwira dzanja onse amapulumuka. Anatiphunzitsanso kuti kumuthandiza m'bale wopondereza ndiko kumuletsa kupondereza kwakeko. Pakati pa nkhanza ndi chete pali njira yotakasuka, ndipo tiyende m'menemo.

Choyamba, mudzi uliwonse ukhale pansi ndi mafumu ake, ugwirizane njira zimene magalimoto azidutsa ndi malo amene sayenera kupondedwa: madambo, magwero a mitsinje, zitsime, minda ndi manda. Malo amenewa aikidwe zizindikiro zooneka, kuti mlendo asanene kuti sanadziwe. Mugwirizanenso kuti magalimoto olemera asalowe m'tchire nthaka ikali yonyowa. Iyi ndiyo hima ya masiku athu. Pa ntchito imeneyi tikhale limodzi ndi anansi athu Achikhristu ndi a chipembedzo cha makolo, pakuti chigwembe sichifunsa chipembedzo cha mwini munda, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Chachiwiri, wobwera kudzadula mitengo afunsidwe mwaulemu chilolezo chake, ndipo anthu adziwe malire a malo amene analoledwa. Malamulo a zankhalango a chaka cha 2002 anakhazikitsa kuti magawo 20 mwa 100 a misonkho ya mitengo azibwerera kwa anthu a m'dera limene mitengoyo yadulidwa. Wodula mobisa amaba kawiri: amaba mtengo, amabanso gawo limenelo, lomwe likanamanga sukulu kapena kukumba mjigo. Makomiti osamalira zachilengedwe m'midzi akhale a anthu okhulupirika, ndipo ndalama zikabwera ziwerengedwe poyera.

Chachitatu, chikaonongeka chinthu, lembani nambala ya galimoto, tsiku ndi malo, itanani mboni ziwiri, ndipo amene ali ndi foni ajambule. Pitani nazo kwa mfumu, kwa mkulu wa Posto, kwa apolisi, kapena kuofesi ya boma yoona zaulimi ndi zankhalango ku Furancungo kapena ku Tsangano. Kubisa umboni ndi tchimo la mtima, monga tikuphunzirira kumapeto kwa Sura Al-Baqarah. Pabwalo, pemphani chigamulo cha Sulaiman: mbewu zilipiridwe ndipo nthaka ikonzedwe. Mayi wamasiye ndi nkhalamba asapite okha kumlandu, mzikiti uwaperekeze.

Chachinayi, tichotse chimene chimachititsa anthu kupatuka. Woyendetsa amalowa m'munda chifukwa pamsewu pali dzenje. Mtumiki (SAW) anawerengera kuchotsa chopweteka panjira m'gulu la nthambi za chikhulupiriro, ndipo anatiphunzitsa kuti njira ili ndi ufulu wake, womwe mwa iwo ndi kusavutitsa ena. Tisanapemphe boma, ndipo tipitirize kulipempha, titenge makasu ndi miyala tikwirire maenje ndi kutsegula ngalande za m'mbali mwa msewu mvula isanayambe. M'zigwembe zimene zayamba kale tiikemo miyala ndi zikhomo mopingasa, tibzale udzu wa vetiva ndi nsungwi. Imeneyi ndi sadaka yopitirira. Mukukumbuka mu Januwale 2022, namondwe wa Ana atafika, mmene mtsinje wa Revubwe unasefukira n'kudula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Sitikunena kuti matayala ndiwo anagwetsa mlathowo. Mvula inali yoopsa mwa chilolezo cha Allah. Koma madzi a mtsinjewo amachokera kumtunda kwathu kuno, ndipo phiri lopanda mitengo, lodzala ngalande, limatumiza madzi ake kumunsi mwaliwiro. Chimene tichita kuno chimakafika kwa anthu amene sitidzawaona nkhope.

Chachisanu, tilemekeze manda. Imam Muslim analandira kuti kukhala pa khala la moto mpaka litaotcha chovala ndi khungu n'kopepuka kuposa kukhala pa manda. Ngati kukhalapo kuli choncho, nanga kuyendetsapo njinga? Ulemu umenewu ufikenso kumanda a anansi athu a zipembedzo zina, pakuti Mtumiki (SAW) anaimirira pamene maliro a Myuda ankadutsa, nakumbutsa maswahaba kuti ameneyonso anali mzimu wa munthu.

Ndipo kwa amene ali pakati pathu pano amene akudziwa kuti anaonongapo munda wa mnzake, khomo la tawbah lili chitsegukire. Koma kumbukirani kuti tchimo la pakati pa munthu ndi munthu silitha ndi misozi ya pamkeka yokha. Liyenera kubwezedwa kapena kukhululukidwa ndi mwini wake. Mtumiki (SAW) anatichenjeza za munthu amene adzafike tsiku la Qiyamah ndi swala, kusala ndi zakaati, koma zabwino zake n'kugawidwa kwa amene anawalakwira mpaka kutsala chimanjamanja. Pitani lero lomwe, dzuwa lisanalowe, mukagogode pakhomo pa mnansi wanu. Inunso olakwiridwa, m'bale akabwera wodzichepetsa, musamuumire mtima. M'Sura Az-Zalzalah tikuuzidwa za tsiku limene nthaka idzasimba nkhani zake. Nthaka imene tikuiponda ndi mboni, ndipo idzanena amene anailima, amene anaigwadira ndi amene anaing'amba.

E, Allah! Tikhululukireni machimo athu, odziwa ndi osadziwa, ndipo mutipatse mphamvu yobweza za eni tisanakumane Nanu. E, Allah! Dalitsani minda yathu, madimba athu ndi ziweto zathu, mutigwetsere mvula yachifundo yosaononga. Atetezeni oyendetsa magalimoto ndi njinga pamaulendo awo, muwapatse rizki ya halali ndi mitima yoganizira anzawo. Atsegulireni anyamata athu makomo a ntchito zabwino. Apatseni mafumu athu ndi atsogoleri a dziko la Mozambique chilungamo ndi kukhulupirika, ndipo muwatalikitse ku ziphuphu. Achiritseni odwala athu, muwachitire chisoni akufa athu, ndipo mukhazikitse mtendere pakati pa ife ndi anansi athu. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad ndi akubanja kwake. Aamiin.

Imirirani tiswali, Allah akuchitireni chisoni.